Tsiku Limene Parishi Yonse Inapita kwa Akufa

Mukafika pamishoni ija ili patsinde pa phiri la Michesi n'kufunsa za Selestina Namacha, achinyamata akuuzani kuti ndi mayi uja anapha parishi yonse ndi chala chimodzi. Amanena akuseka, ana opanda mwambo! Iwo sanamuone. Ine ndinamuona, ndipo mpaka lero ndikamadutsa pawindo la ofesi ija masana ndimaponda mofulumira.

Selestina anabadwira konkuno, m'banja la Alomwe amene makolo awo anachokera ku Mozambiki atasenza mphasa ndi mbewu ya nandolo. Sukulu analekezera Fomu 2, asisitere n'kumuphunzitsa kutayipa. Kuyambira ali mtsikana anakhala pakadesiki ka mu ofesi ya parishi akumenya taipi yachitsulo: makalata a ubatizo, a ukwati, zolengeza za Lamulungu. Anali wamfupi, wosachedwa pa nkhani, bolopeni ili pakhutu tsiku lonse. Bolopeniyo sinali yodzionetsera ayi. Taipi ija inathyoka batani la mitengero, tizizindikiro tija totsekera mawu uku ndi uku, ndipo palibe anavutikapo kuikonza. Choncho Selestina ankatayipa kalata yonse akudumpha mitengero, akasolola pepala n'kutenga bolopeni, n'kuiikamo pamanja. Zaka makumi awiri akuchita zimenezi, zala zake zinaiwaliratu kuti pali batani lotero.

Loweruka lina m'Malichi wa 1991 anamutuma ku Limbe kukatenga mabuku a nyimbo, mvula n'kumugoneka komweko. Mmawa wa Lamulungu Napolo anatsika m'Michesi. Amene anapulumuka amati phiri linayamba labuula, kenaka madzi, matope ndi miyala yaikulu ngati nkhokwe zinangotsika pamodzi. Selestina atafika Lolemba, wapansi, sanathe ngakhale kuloza pamene panali nyumba yake. Mwamuna wake Donald anapezeka tsiku lachitatu atapanikizidwa pamtengo wa mango, kutali kumunsi. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Ennie, wa zaka zisanu ndi chimodzi, sanapezeke. Ngakhale kansalu kake komwe.

Buku lalikulu la akhristu nthawi imeneyo linkasungidwa ndi akatekisiti, aKaliati, nkhalamba yamakani. Munthu akamwalira ankamuikira kamtanda pambali pa dzina. Koma atafika pa osapezeka aja anaimitsa dzanja. "Mtanda umaima pamanda," anatero. "Awa manda awo ali kuti?" Ndiye anawaikira kanyenyezi. Anthu 43, nyenyezi 43, si akufa komanso si amoyo. AKaliati anamwalira patapita zaka zisanu, nyenyezi zawo n'kutsala, poti panalibe wolimba mtima woti n'kuzikhudza.

Mabanja ena anatopa kudikira. Anadula thunthu la nthochi, kulikulunga munsalu, kuliika m'manda m'malo mwa mtembo, kumeta, moyo n'kumapitirira. Selestina anakanitsitsa kwamtuwagalu. Mlongo wake, yemwe ndiye anali mwinimbumba, anachonderera mpaka malovu kuuma. Iye anali atamva mphekesera yoti kumunsi, chakunyanja ya Chilwa, olima mpunga anatola kamtsikana kamoyo pamatope n'kuwoloka nako malire. Kawiri konse anapita ku Milanje, tsidya la Mozambiki, kukafunsa, kawiri konse anabwerako chimanjamanja. Koma ukamufunsa za ana ankayankha osaphethira: "Ndili naye mmodzi, chaka chino ali Sitandade 8." Amayi anzake ankangoyang'ana pansi. Chaka chilichonse potayipa mndandanda wa ana okonzekera ulimbitso ankaikapo dzina la Ennie kumapeto, ansembe powerenga n'kumalidumpha mwakachetechete. Chimene chinkamuimika chilili mayiyu n'chimodzi basi: m'buku la mpingo mwana wake analibe mtanda.

Mu 2002, chaka cha njala chija, kunabwera kompyuta. Anabwera nayo panjinga yamoto Wanangwa, bambo wa kumpoto wogwira ntchito ku dayosizi, wamimba, wansangala, Chichewa chake chonunkha Chitumbuka. Sinali kompyuta ya zithunzi ngati zamasiku anozi. Galasi lake linali lakuda bii, pakona kamzere kakuphethira, kudikira kuti uilembere chochita. Moto inkatenga kusola ya padenga, choncho inkadzuka cha m'ma 10 n'kukomoka cha m'ma 3. Wanangwa anakonza zipinda ziwiri mkati mwake, cha amoyo ndi cha akufa, mkhristu aliyense ndi fayilo yake. Analembanso malamulo atatu n'kuwapatsa mayina a Chichewa kuti Selestina asavutike: funa, pofufuza munthu, samutsa, pomupititsa kwa akufa, bweza, pomubwezeretsa ukalakwitsa. Mitanda sinafunikenso. Chipinda chimene munthu alimo ndicho chinkanena ngati ali moyo kapena ayi.

Atabweranso patatha mwezi anapeza Selestina atakopera mayina ochuluka, ndipo kumapeto kwa ena kuli nyenyezi.

"Amama, ichi n'chiyani?"

"Zili choncho m'buku."

"Chotsani. Nyenyezi m'dzina la fayilo ndi kuputa tsoka."

"AWanangwa, ine ndimakopera zimene zalembedwa. Mukafuna kuchotsa, kapempheni aKaliati kumanda."

Wanangwa anakanda m'mutu n'kuzisiya. Osapezeka aja analowa m'chipinda cha amoyo, aliyense ndi nyenyezi yake.

Masana ena kukutentha, mishoni yonse ili zii, Selestina analakalaka kuwaona okha anthu a nyenyezi aja, aone dzina la mwana wake pakati pa anzake. Analemba funa, naika nyenyezi, nadina batani lalikulu. Abale inu! Mayina anayamba kukwera pagalasi ngati linthumbu, osatha: a kwa Chiwalo, a ku Fort Lister, ana obatizidwa dzulodzuloli, wophika wa pamishoni yemwe ankamumva akutsokomola kuseri kwa khoma, mpaka iye mwini. Anaitana osowa, koma inavomera ndi parishi yonse. Anazimitsa kompyuta ija, naifunditsa nsalu, ndipo sabata yonse anabwerera ku taipi yake yakale osauza munthu.

Wanangwa atamva anaseka mpaka kugwira m'mimba, koma ataona nkhope ya Selestina analeka.

"Si mizimu, amama. Kwa inu nyenyezi ndi chizindikiro cha aKaliati. Kwa kompyutayi, nyenyezi yoyenda yokha imatanthauza aliyense. Lamulo lanu lisanayambe n'komwe ntchito, iyo imayamba yachotsa nyenyeziyo n'kuikapo mayina onse amene ali m'chipinda. Funa uja saiona nyenyezi ayi, amangolandira chikhamu cha anthu."

"Nanga ndikafuna nyenyezi yeniyeniyo?"

"Muitsekere m'mitengero, uku ndi uku. Ili ngati mbuzi. Ikakhala m'khola ndi mbuzi chabe, koma mukaisiya panja idya munda wa aliyense."

Anatenga khadi n'kumulembera chonchi: `*'*'`. "Yoyambayo isiyeni panja, iimire dzina lililonse. Yachiwiriyo ili m'khola, ndiyo ya aKaliati. Zikakhala chonchi mwaitana okhawo amene dzina lawo lathera ndi nyenyezi. Mukatsekera zonse ziwiri simupeza munthu. Mukamasula zonse ziwiri mwatenga mudzi wonse."

Selestina anayesa. Zala zinadumpha mitengero monga mwa chizolowezi, iye n'kubwerera, kuiikamo, kudina. Panatuluka mayina 43 okha, ali phee. Kuyambira tsikulo ankawaitana masana alionse asanadye, n'kuwayang'ana kamphindi. Chinali chaka choipa, lamulo la samutsa linkagwira ntchito pafupifupi tsiku lililonse, ndipo Selestina asanadine batani ankayamba watchula dzina la womwalirayo mokweza, ati munthu asapite ngati katundu. Akatero ankaitana a nyenyezi aja, aone ngati onse alipo. Ankapezeka alipo.

Chaka chotsatira, mu Febuluwale, bambo mfumu watsopano, munthu wofatsa wochokera ku Dedza, anakhala pansi ndi mabanja a osowa aja. Zaka khumi ndi ziwiri zakwana, anatero Abambowo. Pa 10 Malichi, tsiku la Napolo lija, pakhale Misa yowapempherera, ndipo mayina awo awerengedwe pamodzi ndi a akufa onse. Mabanja anavomera. Ena anausa moyo ngati atula mtolo wa nkhuni. Selestina yekha ndiye sanatule wake, chonsecho mlembi woti asamutse mayinawo anali iyeyo.

"Mayi Namacha," anatero Abambo atatsala awiri mu ofesi, "sindikuti muiwale mwana. Koma sindingamupempherere ngati womwalira akadali m'chipinda cha amoyo. Kapena tidikire aWanangwa adzachite ndi iwo?"

Wanangwa anali kwawo ku Rumphi, kumaliro a bambo ake, ndipo sankayembekezeka mpaka Pasaka.

"Ayi, Abambo," anayankha Selestina. "Mwana wanga asasamutsidwe ndi mlendo."

Linali Lachiwiri, dzuwa lili paliwombo. Michesi inali itafunda mtambo kumutu monga imachitira, koma kumunsi kuno kunali ngwee. Abambo anaima kumbuyo kwake. Selestina anaika khadi lija patsogolo, nalemba samutsa. Misozi inali itadzaza kale m'maso, galasi likungooneka mbuu. Zala zinachita zimene zakhala zikuchita kwa zaka makumi awiri: nyenyezi, kudumpha, nyenyezi, kudumpha. Ndipo poti mtima unkangofuna kuti zithe msanga, chala chinagwa pabatani lalikulu. Apa m'pamene dzanja linakwera lokha kukhutu kukatenga bolopeni, kuti liikemo mitengero. Linaumira komweko.

Kompyuta inang'ung'udza pang'ono mkati n'kukhala chete. Sinafunse kanthu, sinadandaule. Selestina anatsegula chipinda cha amoyo. Munalibe munthu. Munangotsala kamzere kaja kakuphethira pamdima.

Ena amati anachitira dala, ati ankafuna tonse timuperekeze mwana wake. Bodza lamkunkhuniza! Akanaona mmene milomo yake inatuwira sakanayankhula zopusa zoterozo.

"Si nkhani," anatero Abambo, koma mawu awo anali ouma. "Tengani nyenyezi yomweyo, muwaitane onse abwerere."

"Onse, Abambo?" Selestina anatsegula chipinda cha akufa. Mayina anali atasakanikirana motsata alifabeti, opanda mtanda, opanda chosiyanitsa chilichonse: wophika wa pamishoni moyandikana ndi amayi ake amene tinawaika chaka chatha, khanda la mwezi umodzi pansi pa agogo ake amene silinawaonepo. "Ndikamasula nyenyezi muno atuluka onse. AKaliati atuluka. Onse a chaka cha njala atuluka." Analoza pagalasi. "Bambo a Ennie atuluka."

Abambo anachita chizindikiro cha mtanda. Selestina analiyang'ana batani la nyenyezi lija nthawi yaitali kuposa mmene munthu amayenera kuliyang'anira, kenaka anabisa manja pansi pa desiki.

Buku lakale likanathandiza, koma linasiya kulembedwa tsiku limene kompyuta inabwera, ndipo chaka cha njala maliro ankachitika motsatizana, ena kumidzi yakutali. Panatsala njira imodzi: kubweza mmodzimmodzi, dzina ndi dzina, anthu pafupifupi 1,800. Selestina anadziikira lamulo lakelake. Sabweza munthu pokhapokha ataima yekha pawindo la ofesi, kapena mtsogoleri wa mphakati wake, kagulu ka akhristu a m'mudzi mwawo, atabwera kudzanena kuti wamuona ndi maso sabata yomweyo. Ankaopa kuukitsa wakufa mwangozi.

Nkhani inathamanga kuposa njinga. Mmawa mwake mzere unayambira pawindo mpaka pamjigo. Anthu sankadziwa za mafayilo, ankangodziwa kuti kumishoni alembedwa kwa akufa, ndipo zimenezo si zogona nazo. Mzere wake unali woopsa, ndikukuuzani. Tonse timadziwa mizere ya chimanga, ya kukankhana ndi kutukwanana, koma uwu unali wa anthu mazanamazana ataima padzuwa akunong'onezana ngati pasiwa. Munthu ankafika, kutchula dzina, Selestina kulemba, kudina, n'kunena osadzutsa mutu: "Mwabwerera." Ena pochoka ankadzigwira pachifuwa. Amayi ankanyamula makanda m'mwamba kuti awaone bwino kuti akupuma. Bambo wina anakhala masiku awiri osalawa kanthu mpaka dzina lake litatuluka, ati wakufa sadya. Inenso ndinaimapo pamzere umenewo.

AZelifa, nkhalamba ya patsinde pomwepa imene inataya ana anayi pa madzi aja, anafika Lachinayi atatsamira ndodo.

"Mosheliwa," anapereka moni wa Chilomwe. "Ndamva kuti wandiika pamodzi ndi ana anga."

"Pepani, amayi. Ndikubwezani pompano."

"Wakutuma ndani? Ndisiye momwemo, mwanawe. Ulendo womwewo ndiuyende kawiri?"

Selestina anawabwezabe, koma anadikira kuti ayambe atembenuka.

Masiku asanu ndi anayi anagwira ntchito imeneyi, kuyambira pamene sola yadzuka mpaka pamene yafooka. Anaonda, maso analowa. Dzina limodzi ankalidumpha dala. Lachisanu lomaliza Misa isanachitike, mzere unatha cha m'ma 2, pabwalo n'kutsala nkhuku zokha. M'chipinda cha akufa munatsala akufa enieni, a nyenyezi 43, ndi munthu mmodzi wamoyo. Anatsitsa mndandanda mpaka pa N. Anali pamenepo, mizere itatu yotsatizana:

Namacha_Donald
Namacha_Ennie*
Namacha_Selestina

Chichokereni ku Limbe kuja, banja lake linali lisanakhalepo pamodzi chonchi. Anakhala akuwayang'ana, ndipo mtima wake unapeza mpumulo umene unamuchititsa mantha. Apa anawamvetsa aZelifa.

Abambo anali kumidzi kukayendera odwala. Palibe akanadziwa. Analemba bweza, natsegula mitengero, nalemba dzina la Ennie ndi nyenyezi yake, natseka mitengero. Ulendo uno zala sizinadumphe kanthu. Chala chinaima pamwamba pa batani lalikulu. Kenaka anadzutsa mutu n'kuyang'ana pawindo, poti aliyense amene anabwerera anali ataima pamenepo, kapena wina atamuimira.

Panalibe munthu. Anadikira. Mthunzi wa tchalitchi unasuntha mpaka kukafika pamjigo. Panjira yochokera kuphiri panatulukira mtsikana wa zaka ngati khumi ndi zisanu ndi zitatu atasenza nkhuni, wamfupi, akuyenda molunjika kuofesi. Selestina anaimirira, mpando n'kugwa kumbuyo. Mtsikanayo anakhota, nadutsa osacheuka. Anali mwana wa kwa aMakina, ndipo Selestina anali atamubweza yekha Lolemba. Batire linayamba kulira kuti moto watsala pang'ono.

Anadzutsa mpando. Anafufuta dzina lija chilembo ndi chilembo, kuyambira kumapeto mpaka ku N. Analemba la iye mwini. Anadina.

"Mwabwerera," anadziuza motsitsa, poti panalibe womuuza.

Kenaka anatsegula pakamwa. Mfuu imene inatuluka mu ofesi muja sinali ya munthu wolakwitsa ntchito. Amayi amene ankaunda mizere ya mbatata m'munda wa mishoni anaponya makasu, namanga nsalu m'chiuno, nayamba kubwera akulira, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti wamwalira ndani.